Chala cha Wanangwa m'manja mwa a Chikhakha

Mukafika pa Chintheche n'kufunsa a Zacharia Mphande, anthu ayamba ayang'anana kaye. Koma mukati a Chikhakha, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pa siteji akulozerani njira. Dzinali analipeza ndi ntchito. Ndi dokotala wa mafupa pa chipatala china cha boma kuno, ndipo theka la anyamata a kabaza a msewu uno linayendapo ndi mwendo woyera woumbidwa ndi manja awo. Eni ake amati si dokotala weniweni, ndi kiliniko ofesala, koma zimenezo amazidziwa okha. Munthu wovala koti loyera, wokubwezera fupa m'malo mwake, kuno timangoti adokotala.

Ine ndine Jackie, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera zaka khumi ndi zitatu zapitazo kudzagwira ntchito pa loji ina, ndipo ntchito yanga ndi kuyang'anira antchito: amene wadwala, amene wapita ku maliro, amene wanamizira maliro. Munthu akavulala pantchito ndine ndimamukweza galimoto, ndinenso ndimathamanga ndi mafomu a ku leba kuti apeze chipukuta misozi. Ndi m'mene ndinadziwirana ndi a Chikhakha. Pakamwa panga sipachedwa, ndakanganapo ndi manesi, alonda, ngakhale abusa, koma bamboyu ndinatha zaka khumi osapeza pomuyambira.

Anabadwira kufupi ndi Bandawe. Bambo awo anali telala, ndipo iwo anakulira pakhonde akulowetsa ulusi m'singano ndi kusoka mabatani. Mpaka lero akakusoka bala, chipsera chake chimakhala ngati mpendero wa diresi la ukwati. Anaphunzira za mafupa ku Blantyre, anagwirako ntchito ku Nsanje ndi ku Mchinji, kenako anapempha kubwerera kwawo mayi awo atayamba kufooka. Ndi munthu wamtali, woonda, wa zolembera zitatu m'thumba la malaya. Njinga ali nayo, koma nthawi zambiri amangoyikankha, chifukwa sangayende mamita makumi awiri osayima kuti aone mkono wa wina. Akamakulunga chikhakha amayimba mluzu nyimbo za m'tchalitchi, ndipo amayankhula pang'onopang'ono moti ine ndimafuna kuwamalizira mawu. Sindinawamvepo akukalipira wodwala, ngakhale uja wobwera ataledzera atachotsa yekha chikhakha ndi chikwanje.

Zinthu zinasintha mlamu wawo atabwera. A Howard, mchimwene wa akazi awo, anakhala ku Joni zaka makumi awiri, n'kubwerako ndi pikapu, nsapato zosongoka ndi maganizo ambiri. Anamanga nyumba kuseri kwa msika, anayipaka buluu, anayikamo bedi lachitsulo ndi nyali yaikulu yopangira opaleshoni. Anthu anangoyitcha pa Buluu. Anauza mlamu wawo kuti nyumba ndi zipangizo n'za iwo a Howard, manja akhale a Zacharia, phindu azigawana pakati. Pa chikwangwani dzina la a Mphande panalibe, poti ndi munthu wa boma, koma ife ogwira m'maofesi tinkadziwa. Anthu wamba ankangoganiza kuti adokotala amakathandizako masana.

Ndisanamizire, pa Buluu panali pabwino. Munthu wa chithupsa, wa bala lofuna kusoka, wa chala chothyoka, ankalowa masana n'kukagona kwawo. Kwa ife a malo ogona alendo zinali zotipepukira. Ku Mzuzu n'kutali, umafunika galimoto, womudikirira, masiku. Apa wantchito ankabwerera sabata yomweyo, kampani n'kulipira bilu mosanyinyirika. Ndinazindikira mochedwa kuti a Chikhakha anali atayamba funso latsopano m'mawa ku chipatala cha boma kuja. Asanagwire bala ankafunsa kuti, “Mwavulalira kuti? Pantchito? Abwana akudziwa?” Ine ndinkati akufunsira fomu. Koma wovulala wokhala ndi bwana womulipirira ankalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala kuti apite pa Buluu, wopanda bwana ankatsala pa mzere kapena kukwera ambulansi. Sindikhulupirira kuti anakhala pansi n'kukonza zimenezi. Zinangowalowa pang'onopang'ono, ngati m'mene ine ndinazolowerera kusafunsa.

Wanangwa Mhone ankachapa ndi kukonza zipinda pa loji pathu. Ndi mayi wamasiye wa ana atatu, wausinkhu wanga, wosayankhulayankhula. Chichewa amachidziwa chongokwanira ntchito, sukulu analekezera m'kalasi yachiwiri, ndipo pa malipiro ndi papepala lililonse ankadinda chala chachikulu chakumanja. Manja ake anali odziwika. Akafinya shiti, pofika pachingwe imakhala yatsala pang'ono kuuma, moti anzake ankamuseka kuti bwana asagule makina, Wanangwa alipo.

Lachiwiri lina mu Julaye, mwera utawomba sabata yonse n'kugwedeza mawindo, iye akupukuta magalasi m'chipinda chachinayi, galasi limodzi linapulumuka. M'malo molisiya ligwe, analiwakha. Linamucheka m'munsi mwa chala chachikulu chakumanja, chomwe chija. Ndinamukulunga ndi pilokesi n'kuthamangira naye ku chipatala.

A Chikhakha anatsuka balalo, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Ama, tapindani chala.”

Wanangwa anayesa. Chala sichinasunthe.

“Mtsempha wokoka chala waduka,” anatero, akuyang'ana ine. “Mbali ina yathawira m'kati.”

Anatsegula kabuku ka Wanangwa, anatulutsa cholembera, koma sanalembe. Cholembera chinangoyima m'mwamba. Ndinaona ndi maso angawa kuti munthuyu akukayika, ndipo ndinadziwa chimene akukayika. Apa ndi pamene ndimadzida. Ndinati, “Adokotala, za ku Mzuzu ayi chonde. Sabata ino alendo adzadza. Pa Buluu sizingatheke?”

Pamenepo analemba. “Pitani pa Buluu, Ama. Ndikupezani thuu koloko.”

“Yewu, Ada,” anathokoza Wanangwa m'Chitonga, atagwira dzanja lake lokulungidwa. Sanafunse kanthu. Kuno dokotala akanena kuti pita uko, umapita, ngati m'mene umamwera mankhwala osafunsa kuti muli chiyani.

Opaleshoni inatha ola limodzi ndi theka. Madzulo a tsiku lomwelo Wanangwa anali kwawo, ndipo ine ndinauza bwana kuti zonse zayenda bwino. Patatha masabata asanu ndi limodzi chikhakha chinachotsedwa. Chipsera chinali chokongola, chowongoka, ntchito ya mwana wa telala. Koma chala chinangoyima njo ngati chikhomo. A Chikhakha anamuphunzitsa kuchipinda m'madzi ofunda m'mawa ndi madzulo, ndipo iye anachita zonse mokhulupirika miyezi itatu. Sichinapindike, ndipo nsonga yake inali yadzanzi.

Munthu sudziwa ntchito ya chala chachikulu mpaka chitakana. Wanangwa sankathanso kufinya shiti. Chitenje ankamanga ndi lamanzere, chinangwa ankamusendera mwana wake wamkazi. Tinamuyika kosesa, tsache linkapulumuka. Bwana anayamba kundifunsa, mwaulemu ndithu, kuti mayiyu tizimugwiritsa ntchito yanji. Chimene chinatsala pakati pa iye ndi njala chinali chipukuta misozi, ndipo kukula kwake kunadalira fomu imodzi, pamene dokotala amalemba kuti dzanja lawonongeka motani. Fomuyo ndinakaisiya kwa a Chikhakha, chifukwa mafomu athu onse ankalemba ndi iwo.

M'masiku omwewo kunabwera Gospel, msodzi amene amatigulitsa nsomba. Anali kuseri kwa khitchini akumasula mfundo ya chingwe, ndipo Wanangwa anaona chipsera m'munsi mwa chala chake chachikulu, malo omwewo. Anamufunsa. Gospel anafotokoza mosangalala kuti chaka chatha anadzicheka ndi mpeni, mtsempha n'kuduka, ndipo a Chikhakha anamukweza ambulansi tsiku lomwelo. Anamuuza kuti bala lotere limafuna a ku Mzuzu, okhala ndi magalasi okulitsa zinthu, ulusi wopyapyala, ndi anthu ophunzitsa chala kuyendanso. “Munthu wabwino uja,” anatero Gospel, akupinda chala chake ndi kuchiwongola kuti tione.

Wanangwa anagwira chala cha Gospel ndi dzanja lake lamanzere, anachipinda kawiri, n'kuchisiya. Gospel atapita anabwera kwa ine.

“A Jackie, nanga ine bwanji sanandipititse ku Mzuzu?”

Ndinati ndikafunsa, ndipo ndinalowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Fomu inatha masabata atatu kwa a Chikhakha. Munthu amene ankalemba mafomu athu tsiku lomwelo tsopano ankati mawa, mawa. Manyazi anga anasanduka ukali, monga amachitira manyazi ambiri, ndipo tsiku lina masana ndinapita. Ndinawapeza kuseri kwa chipinda cha zikhakha atakhala pabenchi, tiyi atazizira m'kapu, banzi atangoluma kamodzi. Fomu inali m'thumba la koti, yopindidwa mpaka kufewa.

“Adokotala, mayi uja adya fomu yanu ili m'thumbayo?” ndinayamba choncho, moni osapereka. Ndinanena zambiri. Ndinatchula Gospel, ndinatchula Buluu, ndinati msodzi wopanda nsapato analandira chithandizo chabwino kuposa munthu wolipiriridwa ndi kampani. Anandisiya ndimalize, akuyang'ana pansi.

“Zonse mwanenazo n'zoona,” anatero. “Inunso munali pomwepo, a Jackie.”

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake zinandilowa. Ndinakhala pansi pa benchi lomwelo.

Anatulutsa fomu ija n'kuyiwongola pabondo. “Alamu akuti ndilembe kuti chala chawonongeka pang'ono, komanso kuti mayiyo sanatsatire malangizo. Akuti ndikalemba zambiri, a leba afunsa kuti opaleshoni inachitikira kuti, ndipo makampani asiya kutumiza anthu. Tsono taonani. Ndikalemba kuti chala chafa, ndalemba kuti ndinachipha ndine, pa Buluu pathu. Ndikalemba kuti chili bwinoko, ndamubera mayi uja kachiwiri.”

“Ndiye lembani zoona.”

“Ngakhale ndilembe zoona, ndani angakhulupirire? Ineyo sindikudzikhulupirira. Tsiku lija ndinadziuza kuti ndingathe, ndinasokapo mitsempha ingapo ku Nsanje n'kuchira. Mpaka lero sindidziwa ngati anayankhula anali dokotala kapena wodya phindu la nyumba ya buluu. Wotumiza ndine, wosoka ndine, tsopano wodzichonga ndikhalenso ine?”

Anamwa tiyi wozizira uja, anandibwezera fomu yosalemba, n'kunena kuti abwera ku loji Lachisanu.

Anabweradi, akukankha njinga. Anakana kulowa mu ofesi. Anapita kochapira, kumene Wanangwa ankapinda matawulo, n'kukhala pa sitepe ngati mlendo wodzapempha madzi. Anatulutsa kalata imene analembera madokotala a ku Mzuzu, yowapempha kuti amuone Wanangwa ndi kulemba fomuyo iwowo. Inali m'Chingelezi, koma anamuwerengera m'Chitonga mzere ndi mzere, osalumpha. Chitonga changa n'chothyokathyoka koma ndinamva. Kalatayo inati bala lija linkayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Inati iwo anamutumiza ku chipatala chapulayiveti chimene theka lake n'lawo, osamuuza. Inatinso wodwalayo anatsatira malangizo onse.

Wanangwa anasiya kupinda tawulo.

“Kani pa Buluu m'panu, Ada?”

“Theka m'panga, Ama.”

Wanangwa anasisita chala chake. Ine ndinkadikira kuti alire kapena atukwane, ndipo mwina zikanatipepukira tonse awiri. Koma anayankhula mofatsa, m'Chichewa, kuti nanenso ndimve bwino.

“Mukanangondiuza. Mukanati uku kuli Mzuzu, uku kuli kwanga, sankha. Mwina ndikanasankha inu nomwe, Ada, chifukwa ndimakudziwani. Chala chikanafa, ndikanati ndinasankha ndekha.”

A Chikhakha anapinda kalata n'kuyilowetsa mu envelopu.

Lolemba lotsatira anatenga tchuthi cha tsiku limodzi n'kukwera ndi Wanangwa minibasi ya ku Mzuzu, thiransipoti yochokera m'thumba mwawo. Kumeneko madokotala anati nthawi yapita, mtsempha unamasuka pamene anasoka n'kumatirira ku mnofu. Anati angathe kuyesanso koma osalonjeza kanthu, ndipo Wanangwa anati mpeni wamukwana. Fomu analemba iwowo, ndipo analemba kuti chala chachikulu chasiya kugwira ntchito pafupifupi chonse.

Kalata ija sinathere ku Mzuzu. Inafika kwa akuluakulu a kuntchito kwa a Chikhakha, iwo anayitanidwa, analandira chenjezo lolembedwa, ndipo kukwezedwa kumene ankayembekezera chaka chimenecho kunapita kwa wina. A Howard anabwera ndi pikapu pakhomo pawo n'kuyankhula mawu amene anthu oyandikana nawo akuwakumbukirabe. Akazi awo, ali pakati pa mwamuna ndi mchimwene, anatha mwezi akuyankha ndi mutu wokha. A Chikhakha anachoka pa Buluu osatenga ngakhale lumo. Nyumba ya njerwa imene anayamba kumanga ku Bandawe inayima pa mawindo, ndipo pano m'kati mwake mwamera udzu. Pa Buluu pakadalipo, pakugwira mnyamata wina wochokera ku Lilongwe, ndipo zoti amasoka bwanji sindidziwa.

Palibe amene anawalembera lamulo a Chikhakha, anadziyikira okha. Munthu amene amuona m'mawa sangamutumize kulikonse kumene iwo angadyeko kanthu. Funso lija la abwana amafunsabe, poti fomu imafuna, koma amafunsa pomaliza, atalemba kale m'kabuku kumene wodwala akupita. Ena amawaseka kuti ndi munthu wogona, anataya mwayi chifukwa cha chala chimodzi cha wochapa. Ine ndikamva zimenezo ndimapsa mtima, koma ndimakumbuka kuti nanenso ndinali pomwepo, ndiye ndimayankha mwachidule. Chimene ndinakwanitsa ine n'kuponda mwala kwa bwana mpaka Wanangwa anatsala pantchito. Pano amapinda matawulo ndi kuyang'anira atsikana ochapa, ndipo shiti ikafika pachingwe ikudontha, amangoyiyang'ana n'kupukusa mutu.

Chipukuta misozi chinatuluka patatha miyezi isanu ndi iwiri. Mkulu wa ku leba anabwera ndi mapepala ku ofesi yanga, ndipo panafunika mboni ziwiri. Wanangwa anati imodzi ndikhale ine, inayo akhale a Chikhakha. Ndinamufunsa kawiri ngati akutsimikiza. Anati eya.

Anafika atavala jekete, anapereka moni kwa onse, n'kuyima pafupi ndi chitseko. Mkulu wa ku leba anawerenga pepala, anatsegula kabokosi ka inki, n'kuloza pamzere. “Mayi, dindani apa. Chala chachikulu chakumanja.” Atanena ndi pamene anayang'ana dzanjalo, ndipo anachita manyazi. Anati lamanzere lingathenso, angolemba chifukwa chake m'mbali.

“Ayi,” anatero Wanangwa. “Ndimadinda ndi ichi.”

Anachiyika pa inki, anachibweretsa papepala, koma chala chosapindika ndi chadzanzi sichidziwa pamene chagunda. Chinatsetsereka n'kusiya mzere wakuda. Mkulu uja anatulutsa pepala lina. Anayesanso, ndipo panangotsala kachizindikiro kofooka kopanda mizere. Pepala lachitatu linali lomaliza.

Wanangwa anatembenuka n'kutambasula dzanja lake kuloza kuchitseko.

“Ada, bwerani mugwire ndinu. Chala ichi mukuchidziwa.”

A Chikhakha anayenda masitepe atatu pang'onopang'ono kufika pamene panali Wanangwa. Anagwira dzanjalo ndi manja awiri, monga amagwirira mkono wothyoka, chala chawo chili pa chipsera chimene anasoka okha. Analitembenuza, anagunditsa chalacho pa inki, n'kuchitsindika papepala mofatsa kuchokera mbali ina kufika inzake. Atachotsa, chidindo chinatuluka bwinobwino, mzere uliwonse ukuoneka.

“Mwaona,” anatero Wanangwa. “Manja muli nawo abwino.”

Iwo sanakweze mutu. Anatulutsa kansalu koyera m'thumba la jekete n'kuyamba kumupukuta inki pachala, ndipo anapitiriza kupukuta ngakhale inkiyo itatha.